Tifunseni: Ndalama za mitengo ku khonsolo, ife a kuseri kwa msika zimatifika liti?

Makalata a mwezi uno ambiri ndi a mitengo, ndipo ochuluka achokera ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ena mwatumiza pa WhatsApp ena pa Facebook, ndawafupikitsako pang'ono kuti akwane koma mfundo zanu sindinasinthe.

FUNSO

Akonzi, ine ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa tomato ndi masamba pamsika wina kuno ku Thyolo ndipo timakhala kuseri kwa msika komweko nyumba za lendi zothithikana. Kwathuko mtengo kulibe olo umodzi, ikafika Okutobala malata amatentha moti mwana wakhanda sungamugoneke mnyumba masana, timakangounjikana pakhonde pa golosale ya eni ake kusaka mthunzi. Koma chaka ndi chaka timamva pa wailesi kuti nyengo yodzala mitengo yatsegulidwa, akuluakulu amabwera ndi magalimoto nkukadzala kumsewu waukulu ndi kumaofesi komwe mitengo ilipo kale. Nde funso langa ndi loti ndalama za mitengozi zimachokera kuti, nanga ife a kuseri kuno tipange bwanji kuti atiganizireko? Kapena nzosatheka poti ndife osauka?

Mayi wa pamsika, Thyolo

YANKHO

Mayi, nzotheka ndithu, ndipo musamadziike kumbuyo ngati mukupempha chithandizo, chifukwa tikiti ija mumadula pamsika tsiku ndi tsiku ndi ndalama ya khonsolo imeneyo. Mukafunsa za mthunzi kwanuko mukufunsa za ndalama yomwe inunso mwasonkhako.

Ku khonsolo simukapeza thumba lolembedwa kuti ili ndi la mitengo ya m'malokeshoni ayi. Ndalama zimalowa njira zingapo. Pali zomwe khonsolo imatolera yokha, matikiti a pamsika, malaisensi a mabizinesi, ndi msonkho wa nyumba ndi malo komwe amatolera. Pali zochokera ku boma lalikulu kudzera ku National Local Government Finance Committee, mmenemo ndi momwe muli kagawo ka ofesi ya zankhalango, kagawo kochepa kwambiri mukafanizira ndi za umoyo kapena za maphunziro. Kenako pali matumba a chitukuko, DDF ya chitukuko cha paboma komanso CDF ya dera la phungu yomwe inayamba mu 2006, ndi ndalama za pulojekiti ya GESD ya World Bank zomwe makhonsolo a maboma amalandira potengera mmene agwirira ntchito. Zambiri mwa izi zimathera ku milatho, midadada ya sukulu, mijigo ndi mashedi a pamsika, ndipo zonsezo nzofunika sindikunyoza, koma mitengo imalowamo pokhapokha anthu a deralo aitchule okha pa mndandanda wa zomwe akufuna. Mbande zambiri zomwe mumaona pa tsiku lotsegulira lija zimakhala zopereka za mabungwe, mabanki ndi makampani, ndipo wopereka amafuna pamalo poonekera.

Nchifukwa chake zimangothera kumsewu ndi kumaofesi. Kumeneko malo ndi a boma palibe wokangana naye, kuli mlonda, kuli mpopi, galimoto imafika bwinobwino. Kuseri kwa msika mapuloti ndi a anthu osiyanasiyana, wina ali ku Joni wina ku Limbe, tinjira ntopapatiza, mbuzi zili mbwee, nde mlangizi wa zankhalango yemwe mwezi wonse sanapatsidwe mafuta a njinga yamoto amangosankha kophweka. Chimenechi si chilungamo. Munthu wogona mnyumba ya malata yopanda siling'i ndi amene akufunika mthunzi kuposa ofesi yokhala ndi fani. Koma ndakuuzani zifukwazi dala kuti mukamapita kukafunsa mupite mutazitseka kale.

Chiyambireni mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, chitukuko chimayenera kuyambira pansi, ku VDC, komiti ya chitukuko ya mmudzi, nkukwera ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo nkulowa mu pulani ya chitukuko. Ngati mukukhala mbali ya Luchenza komwe kuli khonsolo ya tawuni payokha, mudzera kwa khansala wanu ndi komiti ya chitukuko ya mu wodi. Vuto ndi loti pamisonkhano imeneyi amayi a pamsika sapezekapo kawirikawiri, amakhala ali pa benchi kusaka ya ndiwo, nde zofuna zawo sizilembedwa. Sankhani awiri kapena atatu oti azipita, anzawo aziwagulitsira katundu tsiku limenelo.

China chomwe chimatipweteka ambiri ndi nthawi. Nyengo yodzala imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo nkutha pa 31 Malichi, chinasintha mu 2022, kale chinkayamba Julayi. Nde ndalama yogulira machubu ndi mbewu za Disembala imakhala itakambidwa kale kumayambiriro kwa chaka, ndipo nazale imafesedwa cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Mukadandaula mu Januwale mvula ili mkati ndiye kuti mukudandaulira chaka chinacho. Nkhani yanu iyambe kumveka ku VDC nthawi yomweyi malata akuotchayi, Okutobala ndi Novembala, bajeti isanamangidwe.

Ndipo musapite chimanjamanja. Yendani mulokeshoni yanu ndi kope, lembani malo enieni omwe mtengo ungakhale, pamjigo, pabwalo la sukulu ya mkombaphala, posungira njinga za kabaza, pambali pa ngalande, patchalitchi ndi pamzikiti, pakhomo pa amene avomera. Pa malo aliwonse lembani dzina la munthu yemwe wavomera kuti azithirira. A mfumu asayine, a tcheya a msika asayine. Kalatayo ikhale makope angapo, ina kwa khansala, ina ku ofesi ya zankhalango ya paboma, ina ku VDC, ndipo imodzi akudindireni musunge nokha. Mukalatamo musangopempha mbande, pemphaninso zotchingira ndi zothiririra. Munthu wa ku ofesi akaona pepala lotere ntchito yake yaphweka, sanganenenso kuti kumeneko kulibe malo.

Zikakhala kuti zii, misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka, mutha kukakhala nawo kumvetsera. Komanso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, mutha kulemba kalata kufunsa kuti chaka chino za mitengo zinali zingati ndipo zinadzalidwa kuti. Funsani mwaulemu koma funsani.

FUNSO

Achimwene, ndine wapampando wa kalabu ya achinyamata kuno ku Mulanje. Mvula yathayi bungwe lina linatipatsa mbande zambirimbiri tinadzala mmbali mwa msewu wa fumbi wopita kumsika ndi pasukulu, kunabwera alendo, zokuzira mawu, magule, ife anatipatsa matisheti. Pano mukapita simupezako olo khumi yamoyo. Anthu akutinena akuti timangofuna matisheti, zikundiwawa kwambiri chifukwa tinakumba maenje ndi mtima wonse. Chaka chino akuti abweranso, tivomere kapena tikane?

Mnyamata wokhumudwa, Mulanje

YANKHO

Achimwene, vomerani, koma ulendo uno mukhale nawo pansi kaye asanabweretse tenti.

Zomwe zakuchitikiranizi si zanu nokha. Dziko lino linayamba tsiku lodzala mitengo mu 1976 nthawi ya a Kamuzu, linali pa 21 Januwale, pano inasanduka nyengo ya miyezi inayi, ndipo tinalonjeza kumaiko akunja kuti tibwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Kudzala timadzala ndithu. Koma chomwe chimalengezedwa pa wailesi ndi nambala ya yodzalidwa, ya yomwe yapulumuka pofika Novembala siimveka kwenikweni, nde ndalama nayo imatsatira nambala yomwe ikulengezedwayo. Mafuta a magalimoto, alawansi, tenti, zakumwa, zonse zimathera tsiku limodzi, pomwe mtengowo umafuna munthu kwa zaka ziwiri kapena zitatu.

Ku Freetown, likulu la Sierra Leone, anaganiza mwina. Mu 2017 phiri linagumuka kumeneko nkupha anthu oposa 1,000, ndipo mu 2020 meya wa mzindawo mayi Yvonne Aki-Sawyerr anayambitsa ntchito yodzala mitengo 1 miliyoni. Chomwe ndimachikonda pa ntchito yawo nchakuti anthu a mmadera momwemo ndi amene amalembedwa ntchito, mtengo uliwonse amaujambula pa foni ndi malo ake, nkumabwereranso kukauthirira ndi kuujambula, ndipo malipiro amabwera pa foni potengera kuti mtengowo ukusamalidwa ndipo ulipo. Ife sitikufunika makina apamwamba kuti titengereko. Kope, foni imodzi yokhala ndi kamera, ndi gulupu ya WhatsApp momwe muli khansala, mlangizi wa zankhalango ndi a bungwewo, basi zakwana.

Nde auzeni a bungwewo chonchi: mbande zichepe, mwambo uchepe, ndalama yotsalayo igawidwe pawiri kapena patatu, ina ituluke mu Juni ina mu Novembala tikawerengera limodzi yomwe ili moyo. Akakana mudziwiratu kuti akufuna zithunzi. Kwa ine mitengo 100 yomwe uliwonse uli ndi mwini wake ndi yabwino kuposa 2,000 yomwe aliyense akudutsa akuti ndi ya boma iyi. Funsaninso ku ADC ngati dera lanu lili mu ntchito za Mbwezera Chilengedwe, zija anthu amalipidwa pogwira ntchito zoteteza nthaka ndi kudzala mitengo, chifukwa kusamalira mitengo ya mmbali mwa msewu ndi ngalande kutha kukambidwa kuti kulowe momwemo.

Za kadzalidwe ndinenepo pang'ono poti zambiri zimalakwika pamanja. Dzalani mvula ikangokhazikika, kumapeto kwa Disembala kapena Januwale, osati kudikira mlendo wolemekezeka mpaka Malichi, mtengo wa Malichi umakumana ndi chilimwe mizu isanapite pansi. Chubu chotsani, ndaonapo mitengo youma ukazula nkupeza mizu yazungulirazungulira mkati mwa pulasitiki wakuda uja. Wa zipatso dzenje likhale masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe, dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owolerana libwerere pansi. Siyani kabeseni kozungulira kuti madzi aziima. Udzu wophimbira usakhudze tsinde chifukwa umaitana chiswe, ndipo phulusa la pamoto limathandizako. Koma mdani wamkulu ndi mbuzi, anthu akangokolola nkuzimasula mtengo wosatchinga sutha sabata. Nsungwi zong'amba, minga, njerwa zosweka zosanja motalikirana kuti mpweya uzilowa, chilichonse chomwe mungapeze. Ndipo tsiku lotchinga likhale lomwelo lodzala, osati tidzabweranso mawa. Seputembala mpaka Novembala chigubu cha malita 5 kawiri pa sabata chimapulumutsa mtengo, olo madzi otsukuluzira mbale opanda sopo wambiri.

Pasukulu gawani mitengo kwa makalasi, koma kumbukirani kuti tchuthi chachitali chimagwera nthawi youma, nde pakhale makomo oyandikira omwe avomera kuyang'anira ana akatsekera. Za anthu okunenaniwo zisiyeni, maenje munakumba, chomwe chinasowa ndi pangano la chisamaliro ndipo limenelo simunali nokha oyenera kuliganizira.

FUNSO

Ine ndimakhala pa lendi pa tawuni ina ku Thyolo kuno. Ndinagula mbande ziwiri za mango nkudzala kuseri kwa nyumba koma alandilodi anazula, akuti mizu idzang'amba khoma, komanso akuti nthawi ya Freddy bulugamu anagwera nyumba ya aneba athu mpaka pano sanamalize kukonza. Nanga ngati alandilodi onse atamakana chonchi mitengo ya khonsoloyo idzadzalidwa pati?

Wa pa lendi, Thyolo

YANKHO

Achemwali kaya achimwene, poti simunanene, alandilodi anuwo sakulakwa kotheratu. Munthu amene anaona mtengo uli pamwamba pa denga la mnzake mantha ake ndi oona, ndipo nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zomangira dothi, maziko osaya. Kuzula osakuuzani ndiye sanachite bwino, komanso inu mukanayamba mwawafunsa poti malowo ndi awo.

Kukana mitengo yaulere sikuchitika kuno kokha. Ku Detroit, ku America, bungwe lina linkadzala mitengo yaulere mmisewu ya madera osauka, ndipo pakati pa 2011 ndi 2014 pafupifupi khomo limodzi mwa anayi aliwonse linakana. Atawafunsa zinapezeka kuti mitengo sadana nayo, koma palibe anawafunsa mtundu womwe akufuna, komanso ankakumbukira mmene mzinda unawasiyira mitengo yakufa yoti adule okha ndi ndalama zawo. Kwathu kuno nchimodzimodzi. Ukafika pakhomo pa munthu ndi bulugamu kapena malayina nkumati tadzalani apa, akana, ndipo akulondola.

Pa puloti yaing'ono sankhani yosakula kwambiri. Mapapaya, chammwamba, magwafa, mandimu, olo phando la nthochi kothera madzi a kubafa, izi sizigwetsa nyumba ndipo wa lendi amadyako asanasamuke. Mango okwatitsa sakula ngati akale aja ndipo amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, komabe atalikire khoma mamita osachepera asanu, mapeyala nawo chimodzimodzi kapena kuposerapo. Bulugamu, malayina, kachere ndi mkuyu ayi pafupi ndi nyumba, chimbudzi kapena paipi ya madzi. Musanakumbe yang'ananinso kumwamba, ngati pali mawaya a ESCOM mtengo wautali udzadulidwa basi. Mbawa ndi wabwino kwambiri pa mthunzi koma malo ake ndi pabwalo la sukulu, pamsika kapena patchalitchi pomwe pali danga.

Pitaninso kwa alandilodiwo, ulendo uno musanagule kanthu, muwaonetse pamalo pake poyeza ndi mapazi limodzi, mugwirizane kuti zipatso muzigawana bwanji ndipo mukadzasamuka mtengo ndi wawo. Ambiri amafewa akamva choncho.

Pa funso lanu lenilenilo, ndi chifukwa chake ndimanena kuti ndalama ya khonsolo ya mitengo isamathere pa mbande. Mukhale kagawo kolipira wa macheka woti azisadza nthambi ndi kugwetsa mitengo yoopsa mvula isanayambe, chifukwa banja losauka silingakwanitse kulipira zimenezo, ndipo alandilodi akadziwa kuti mtengo ukadzavuta pali wothandiza sangamakane chonchi. Mukamalemba kalata ya ku VDC mfundo imeneyi musaiiwale.

FUNSO

Akonzi, ine ndinagwira ntchito ku esiteti ya tiyi mpaka kupuma. Ndikuona ngati nkhani ya mitengoyi mwaikulitsa. Kuno ku Mulanje nkobiriwira kale, mvula timalandira yambiri kuposa kwina konse. Anthu akugona ndi njala, ukapita kuchipatala akuuza kagule mankhwala ku famase, misewu ndi maenje okhaokha. Ndalama ya khonsolo ndi yochepa, bwanji osayamba ndi zimenezi? Mitengo ndi ya anthu okhuta.

Bambo wopuma ntchito, Mulanje

YANKHO

Bambo, ndakumvani ndipo pa mankhwala ndi njala sindingakutsutseni. Atandiuza kuti ndisankhe pakati pa mankhwala a malungo ndi mbande, ndisankha mankhwala. Koma sipomwe pali mpikisano, ndalama yomwe tikukambayi ndi yaing'ono, ndipo yambiri ikutuluka kale chaka ndi chaka, chomwe tikulimbana nacho nchakuti ikuthera kuti komanso kwa ndani.

Pa kubiriwirako ndiye ndisiyana nanu. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti kubiriwira komwe munthu amaona ali mu minibasi kuchoka ku Bvumbwe kudutsa Thyolo boma mpaka ku Chitakale ndi kwa eni ake. Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje kuno mu 1891 ku Lauderdale, ndipo kuchokera nthawi imeneyo malo abwino ambiri ali mmanja mwa maesiteti. Nkhalango za bulugamu zija nza nkhuni zoumitsira tiyi ku fakitale, mayi wa mmudzi sangalowemo ndi nkhwangwa. Mitengo ikuluikulu yamthunzi ili kunyumba za mabwana. Ndiye tayendani kuseri kwa misika ya mmbali mwa msewu womwewo, mukapeza dothi lofiira lambee, nyumba pa nyumba, mwina mango amodzi akale omwe anadzala agogo a winawake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 ku Thyolo ndipo ku Mulanje anatsala pang'ono kufika 700,000, onsewa akupanikizana pa malo otsalawo ndipo aliyense akufuna nkhuni zophikira. Phiri la Thyolo lomwe linali nkhalango yowirira tonse tinaliona likusanduka minda.

Kusiyana kumeneku kulinso kwina. Amene anapitako ku Joni akuuzani mmene madera a kumpoto kwa Johannesburg alili ndi mitengo misewu yonse pomwe ku Soweto kunali fumbi, mpaka mzindawo unachita kuyambitsa ntchito yapadera mu 2006 yodzala mitengo 200,000 kumeneko mpira wa World Cup wa 2010 usanafike. Ku America kafukufuku wa mu 2020 mmizinda 108 anapeza kuti madera omwe kale ankasalidwa pa ngongole za nyumba, momwe mumakhala anthu akuda ndi osauka ambiri, amatentha ndi madigiri pafupifupi 2.6 kuposa madera a olemera a mumzinda womwewo, ndipo chifukwa chachikulu nkuchepa kwa mitengo. Nde mukati mitengo ndi ya okhuta mukunena zomwe zilipodi panopa, ine ndikuti zisakhale choncho. Wokhuta akatenthedwa amayatsa fani. Amene amapsa ndi mayi wa tomato uja katundu wake akufota pa benchi, wa kabaza wodikira kasitomala padzuwa, agogo a BP ogona mnyumba ya malata.

Pa njala, taganizirani miyezi yomwe mango amapsa, Novembala mpaka Januwale, nthawi yomwe nkhokwe zambiri zili mbee. Ana angati amapita kusukulu atadya mango okha? Mapeyala amabwera pambuyo pake chimanga chisanaume, ndipo beseni la mapeyala pamsewu ndi ndalama ya sopo ndi mchere. Ndichifukwa chake ine ndikamakamba za mitengo ya mmalokeshoni ndimayamba ndi ya zipatso.

Koma ndisakunamizeni pa za Freddy, poti ena akumanena ngati mitengo ikanatchinga zonse. Mvula ya mu Malichi 2023 ija inagwetsa miyala yaikulu ngati nyumba kuchokera mphiri, napolo wotere mtengo wa pamsewu sungamuletse, ndipo wa ku Phalombe wa mu 1991 anachitika mitengo ikadali yambiri kuposa lero. Kumeneko chofunika nkusamanga mnjira za madzi ndi kuchenjezana msanga. Chomwe mitengo imatha ndi mvula ya chaka ndi chaka yomwe imakokolola tinjira nkutisandutsa zigwembe, nkukwirira ngalande, nkudya magombe a Ruo, Thuchila ndi Likhubula pang'onopang'ono mpaka dimba la munthu kupita. Vetiva mmbali mwa ngalande, nsungwi ndi katope mmphepete mwa mtsinje, zimagwira dothi, ndipo maenje a mumsewu mukudandaulawo ena amayamba ndi madzi omwewa osowa chowachedwetsa. Inuyo bambo munagwira ntchito malo omwe nazale ndi kusadza mitengo ankazitenga mwakhama, komiti ya kwanuko ingapindule nanu kwambiri mutalowamo.

FUNSO

Mafunso anga ndi awiri achidule. Kodi mkungudza tingadzale mtawuni poti ndi mtengo wathu wa kuno? Chachiwiri, ndikalandira mbande yaulere nkudzala pakhomo panga, ndikadzafuna kudula sadzandimanga?

Mphunzitsi, Mulanje

YANKHO

Aphunzitsi, mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984 ndipo mwachilengedwe umapezeka mphiri la Mulanje mokha, nde ndikumvetsa chifukwa chomwe mukuufunira. Uli pangozi kwambiri, kafukufuku wa mu 2017 anapeza ikuluikulu 7 yokha yotsala mphirimo, ndipo a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi nazale za mmidzi akhala akudzala mbande zake pamwamba paphiri. Koma kwawo nkozizira, pamwamba komwe kumakhala nkhungu. Pansi pano pamsika, pa fumbi ndi dzuwa la Okutobala, umavutika ndipo umakula mochedwa, nde ngati cholinga ndi mthunzi wa ana pasukulu dzalani mbawa, mtangatanga kapena keshya, zipatso pambali. Mukafuna umodzi kapena iwiri ya mkungudza yophunzitsira ana, kafunseni a zankhalango akuuzeni ngati malo anuwo angalole.

Lachiwirilo anthu ambiri amaliopa ndipo ena amakana mbande chifukwa cha lomweli. Lamulo la zankhalango la 1997 limanena kuti munthu amene wadzala mtengo pa malo omwe ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, zokolola za mtengowo ndi zake, atha kudula kapena kugulitsa. Mbande kukhala yaulere sikusintha zimenezi, pokhapokha ngati munasayinirana pangano lina ndi okupatsaniwo, nde werengani musanasayine. Zilango zomwe anazikhwimitsa mu 2020 zikulimbana kwambiri ndi odula mnkhalango zotetezedwa ndi ootcha makala opanda chilolezo. Chomwe muyenera kusamala ndi ponyamula, mukacheka matabwa kapena nkhuni zambiri zokagulitsa kwina yambani mwapita ku ofesi ya zankhalango akupatseni chikalata chosonyeza komwe zachokera, apo ayi muvutika pa rodibuloko, makamaka ikakhala mitengo yachilengedwe ngati mbawa.

Wa pamsewu, pamsika kapena pasukulu ndiye si wanu olo munadzala ndinu, umenewo ndi wa eni malowo, khonsolo kapena komiti ya sukulu, ndipo pangano la amene azithyola zipatso ndi kutenga nthambi zosadza lilembedwe mu kope la komiti tsiku lodzala lomwelo.